Manifold ya V8 yakale pamisewu ya ku Tete: Performer, RPM Air-Gap kapena Victor Jr.?

Aliyense wodzutsa injini ya V8 yakale amafika ndithu pa nkhani ya manifold, chitsulo chomwe chimakhala pansi pa kabuleta n'kumagawira masilinda mpweya ndi petulo. Mwina ya chitsulo yomwe inabwera ndi galimoto yadyeka ndi dzimbiri pomwe pamakhala thermostat, mwina inang'aluka pa bowo la bauti, kapena ndi ya kabuleta ya mabowo awiri pomwe mwini galimoto akufuna ya mabowo anayi. Pa intaneti mamanifold a aluminiyamu ali mbwee, onse onyezimira, ndipo wogulitsa aliyense akuti yakeyo ndiyo ya mphamvu. Pano tikuunika anayi a kampani ya Edelbrock ya ku America: Performer, Performer RPM, RPM Air-Gap ndi Victor Jr., komanso aja otengera omwe amabwera opanda dzina. Tikuwayesa ndi msewu wa N7 kuchoka ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, chitunda cha N304 chokwera ku Ulongué, ndi dzuwa la mu Okutobala m'chigwa cha Zambezi.

Chigamulo tinene pachiyambi pomwe. Ngati kamu, mahedi ndi difu ya galimoto yanu zikadali za ku fakitale kapena zosatalikirana nazo, gulani Performer. Atatu enawo ndi abwino, koma aliyense ali ndi injini yakeyake, ndipo injini imeneyo si yomwe ili mu galimoto zambiri zoyenda kuno.

Yambani mwadziwa injini yomwe muli nayo

Ndalama zambiri zimatayikira apa, katundu asananyamuke n'komwe. Galimoto za mtundu umenewu zomwe zimapezeka kuchigawo chino cha Africa, zambiri zinalumikizidwa ku South Africa: Chevrolet SS, Ford Fairmont GT, Capri Perana ya Basil Green, kenako Sierra XR8. Palinso ma Land Cruiser akale ndi mapikapu omwe eni ake anaikamo Chevrolet 350. Dzina la pa boneti lisakupusitseni. Chevrolet SS ya ku South Africa inachokera ku Holden Monaro ya ku Australia, ndipo inkatuluka ndi injini ziwiri, Holden 308 kapena Chevrolet 350. Manifold ya Chevrolet siingakhale pa Holden 308 ngakhale mutaipala chotani. Komanso galimoto ya zaka 50, yomwe yadutsa m'manja mwa anthu angapo, injini yake ingakhale inasinthidwa kalekale.

Ngakhale pa Chevrolet small-block yeniyeni, kaya 283, 305, 327 kapena 350, mahedi ali mitundu itatu, ndipo manifold imatsatira hedi osati buloko. Mahedi a 1955 mpaka 1986 ali ndi mabauti 12, onse opendekeka mofanana. Performer yake ndi nambala 2101. Mahedi a 1987 mpaka 1995 nawonso ali ndi mabauti 12, koma anayi apakati, awiri mbali iliyonse, amalowa mwa ngodya ina. Yake ndi 2104. Mahedi a Vortec, omwe anayamba mu 1996, ali ndi mabauti 8 okha, olowa choongoka kuchokera pamwamba, ndipo mabowo ake a mpweya ndi otalikirapo. Yake ndi 2116. Masulani chivundikiro cha mavalavu muwerenge nambala yomwe inadindidwa pa hedi. Ikathera ndi 062 kapena 906, amenewo ndi a Vortec. Pali amakaniko omwe amakulitsa mabowo apakati a 2101 ndi tupa kuti ikhale pa mahedi a 1987. Imakhaladi, koma mutu wa bauti umagwira chammbali, ndipo pakapita nthawi aluminiyamu imafinyika, gasiketi n'kuyamba kutayitsa pakati pomwe pamatentha kwambiri.

Kwa Ford chisokonezo ndi china. 302 Windsor ndi 351 Windsor zimaoneka ngati mapasa, koma buloko ya 302 ndi yaifupi, mainchi 8.2, pomwe ya 351 ndi mainchi 9.5, kotero mahedi a 351 amatalikirana ndipo manifold yake ndi yotambalala. Performer ya 289 ndi 302 ndi 2121, ya 351 Windsor ndi 2181. Fairmont GT imadziwika ndi 351 Cleveland, yomwe ndi injini ina kotheratu. Kuisiyanitsa n'kosavuta: chivundikiro cha mavalavu cha Cleveland chili ndi mabauti 8, cha Windsor 6, ndipo pa Cleveland payipi ya pamwamba ya rediyeta imalowa mu buloko, madzi sadutsa mu manifold. Cleveland nayonso ili ndi mahedi a 2V a mabowo apakatikati ndi a 4V a mabowo aakulu kwambiri, ndipo Performer zake n'zosiyana, 2750 ndi 2665. Musaitanitse musanachotse manifold yakale ndi kuyeza mabowo ndi maso anu.

Zomwe zimachitika m'kati mwake

Performer, Performer RPM ndi Air-Gap onse ndi a dual-plane. Pansi pa kabuleta pali khoma logawa chipinda pawiri, ndipo theka lililonse limadyetsa masilinda anayi. Pa Chevrolet masilinda amaphulika motsatana 1-8-4-3-6-5-7-2, ndiye mbali imodzi imatumikira 1, 4, 6 ndi 7, inayo 8, 3, 5 ndi 2. Kukoka kwa mpweya kumasinthana, uku kenako uko, ndipo theka lililonse la kabuleta limamva kukoka kumodzi kwamphamvu pa madigiri 180 aliwonse a krankishafuti. Njira za mpweya ndi zazitali ndi zopapatiza. Victor Jr. ndi ya single-plane: chipinda chimodzi chachikulu, njira zazifupi, zotakata, zolunjika ku mavalavu. Masilinda onse asanu ndi atatu amakokera pamodzi, ndipo 5 ndi 7, omwe ndi oyandikana komanso amaphulika motsatana, amalandana chakudya.

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano amadziwa kuti madzi ochepa mu ngalande yopapatiza amathamanga n'kunyamula mchenga, koma madzi omwewo mu ngalande yotakata amayenda chozemba n'kusiya mchenga pansi. Mpweya mu manifold umachitanso chimodzimodzi ndi petulo. Pa marevu otsika mpweya ndi wochepa. Ukadutsa m'njira yotakata umayenda pang'onopang'ono, timadontho ta petulo timagwera pansi pa chipinda, masilinda ena amalandira wambiri, ena wochepa. Woyendetsa amamva injini ikuzengereza akaponda, ikutsamwa ponyamuka, ndipo mapulagi ena amada pomwe ena ayera. Njira yotakatayo imayamba kupindulitsa pokhapokha injini ikamameza mpweya wochuluka kwambiri, pa marevu okwera.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti injini yanu imakhala pa marevu angati. Tiwerengere. Galimoto ya giyabokosi ya TH350, yomwe giya yake yomaliza ndi 1:1, difu ya 3.08 ndi matayala otalika mamilimita 660, pa liwiro la makilomita 100 pa ola injini imazungulira pafupifupi 2,500 rpm. Mu tauni ya Tete, pa mzere wodikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel, ili pansi pa 1,500. Popitirira thiraki ya malasha mwina ifika 4,000 kwa masekondi ochepa. Moyo wake wonse uli pakati pa 700 ndi 4,000. Ikani manambala amenewa pafupi ndi omwe Edelbrock imalemba yokha: Performer kuyambira pa idle mpaka 5,500, Performer RPM ndi Air-Gap 1,500 mpaka 6,500, Victor Jr. 3,500 mpaka 8,000.

Performer

Mphamvu yake imayambira pansi penipeni, pomwe galimoto yolemera imaifunira. Ponyamuka injini imayankha nthawi yomweyo, vacuum imakhala yokwanira kuti mabuleki a booster asalimbe, ndipo pokwera chitunda cha ku Angónia giyabokosi siivutika kusakasaka magiya. Ndi yaifupi, mainchi 3.50 kutsogolo ndi 4.60 kumbuyo pa 2101, kotero pansi pa maboneti ambiri imakwana popanda kudula kanthu. 2101 imalandira kabuleta yakale ya Rochester Quadrajet, ija ya mabowo awiri aang'ono ndi awiri aakulu, ndipo imalandiranso kabuleta ya mabowo anayi ofanana ngati Holley kapena Edelbrock. Pa kabuleta ya Edelbrock pamafunika kachitsulo kopyapyala, nambala 2732, kuti m'mphepete musamalowe mpweya. Anthu ambiri amakaiwala, kenako amatha masabata akupotoza masikuluwu a kabuleta pomwe vuto lili pansi pake. Ngati Quadrajet simukuifunanso, Performer EPS, nambala 2701, inapangidwira kabuleta ya mabowo ofanana yokha, ndipo pa 350 timaiona yabwino kuposa 2101.

Tisakunamizeni za phindu lake. Ngati mukuchoka pa manifold ya mabowo awiri kupita pa Performer ndi kabuleta ya mabowo anayi, kusintha mukumva ndi thupi lanu, makamaka kupitirira 3,000 rpm. Koma ngati muli kale ndi manifold ya chitsulo ya Quadrajet yomwe ili bwinobwino, phindu la mphamvu ndi laling'ono. Chomwe mwapeza kwenikweni ndi kupepuka, chifukwa ya aluminiyamu siifika ndi theka lomwe la kulemera kwa ya chitsulo. Zikatero, ndalama yoyamba ipite ku ekizozi ndi ku distributor, manifold ibwere pambuyo. Kamu yogwirizana ndi Performer ndi ya madigiri ozungulira 204 ndi 214 pa muyeso wa 0.050, monga Performer-Plus 2102 ya kampani yomweyo.

Performer RPM ndi Air-Gap

Performer RPM, nambala 7101, ndi dual-plane yomwe yakula: njira zake n'zotakatirapo ndipo kabuleta imakhala pamwamba ndi mainchi 0.70, pafupifupi mamilimita 18. Pa injini yoyenera ndi manifold yokoma kwambiri, chifukwa pansi siitaya zambiri ndipo pamwamba imapitirira kukoka pomwe Performer yatopa. Injini yoyenerayo ndi ya 350 kapena yokulirapo, mahedi opuma bwino monga Vortec (RPM yake ndi 7116, osati 7101) kapena a aluminiyamu, mapayipi a ekizozi a headers, difu ya 3.50 kapena kupitirira, ndi kamu ya madigiri 220 kupita m'mwamba. Kamu yomwe Edelbrock inaipangira manifold imeneyi, 7102, ndi ya 234 ndi 244, ndipo pa giyabokosi ya otomatiki imafuna torque converter ya stall yokwera. Pa 305 ya ku fakitale ndi difu ya 2.73, 7101 ingochepetsa kukoka kwa ponyamuka, ndipo 6,500 yomwe mwailipirira simudzaifika, chifukwa masipuling'i a mavalavu a ku fakitale amagonja kale cha m'ma 5,500.

Air-Gap, nambala 7501, njira zake zikufanana ndi za 7101, koma zakwezedwa kuti pakati pa izo ndi chivundikiro cha pansi pakhale mpata wodutsa mphepo. Oyilo wotentha wa m'chigwa cha injini sawotcha njirazo, ndipo palibe njira ya utsi wa ekizozi yodutsa pansi pa kabuleta. Apa ndi pomwe dera lathu limagawika pawiri, ndipo tiyenera kukhalitsapo.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa, mamita osafika 200 pamwamba pa nyanja, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Vuto lodziwika la kabuleta kumeneko ndi ili: mwayenda, mwazimitsa injini kwa mphindi khumi kapena makumi awiri, pobwerera injini ikungozungulira osalira, fungo la petulo lili ponseponse, ndipo ikalira ikutulutsa utsi wakuda. Chachitika n'chakuti kutentha kwa injini kwakwera kudzera mu aluminiyamu, petulo wawira m'mbale za kabuleta n'kusefukira mu manifold. Air-Gap imachepetsa zimenezi galimoto ikamayenda, koma ikaima boneti ili chitsekere, chilichonse pansi pake chimatentha ndithu. Mankhwala enieni ndi otsika mtengo kuposa kusintha manifold: gasiketi yochinga kutentha pansi pa kabuleta, monga Edelbrock 9266 ya mamilimita 8, kapena spacer ya phenolic ya mamilimita 12, payipi ya petulo yoyenda kutali ndi ekizozi, ndi kutseka njira ya utsi ija. Magasiketi ambiri a manifold amabwera ndi timalata totsekera kapena tochepetsera bowo limenelo. Performer yotsekedwa njira ya utsi, yokhala ndi chochinga kutentha, imapirira dzuwa la ku Tete bwino lomwe. Chenjezo limodzi: Quadrajet yakale yomwe choki yake imadalira kasipuling'i kokhala pa manifold imafuna kutentha kwa utsiwo. Mukatseka njirayo, ikani choki ya magetsi.

Ku Ulongué, ku Dómuè ndi ku Tsangano nkhani imatembenuka. Kumeneko ndi pamwamba, Ulongué ili cha m'ma mamita 1,300, ndipo m'mawa wa mu Juni ndi Julayi kumazizira kwenikweni. Petulo amafuna kutentha pang'ono kuti asanduke nthunzi. Pa Air-Gap yozizira amangonyowetsa makoma, injini imazima pa mphambano yoyamba, ndipo pamafunika mphindi zingapo isanayambe kumvera. Kwa galimoto yogona ku Angónia, siyani njira ya utsi yotseguka pang'ono ndi kalata kochepetsera, ndipo Air-Gap muiganizire pokhapokha injini yonse yamangidwa mwa marevu.

Za Victor Jr., nambala 2975, tinene mwachidule. Ndi manifold ya mpikisano ndipo pa ntchito imeneyo mbiri yake ndi yabwino. Pa msewu wa anthu onse, ndi kamu ya ku fakitale, mupeza idle yosakhazikika, kuzengereza ponyamuka ndi petulo wotha msanga. Kukongola kwake boneti ikatsegulidwa sikungabweze zimenezi.

Otengera opanda dzina ndi akale ogula kwa munthu

Mamanifold otengera maonekedwe a Air-Gap adzaza pa intaneti pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo pomwe ndalama yonyamulira ndi ya ku kasitomu (Alfândega), kuphatikizapo msonkho wa IVA wa 16 peresenti, zikudikira, chiyeso chake n'chomveka. Ena mwa iwo amagwira ntchito. Vuto ndi lakuti awiri ochokera m'bokosi lofanana sakhala ofanana. Zolakwika zomwe zimabwerezabwereza ndi nkhope yopalidwa mwa ngodya yolakwika, mabowo a mpweya osalunjikana ndi a hedi, mazinga osamalizika, bowo la distributor lopendekeka, ndi timabowo tosaoneka mu aluminiyamu tomwe timatulutsa madzi injini ikatentha. Munthu wa ku Johannesburg akapeza zotere amabweza tsiku lomwelo. Wa ku Furancungo, katundu wake atadutsa Beitbridge ndi Cuchamano, alibe kobwezera. Ngati mwagula kale, musapake silikoni musanaiyese youma monga tifotokozere pansipa, ndipo itsukeni bwino m'kati, chifukwa mchenga wa ku fakitale ndi tizidutswa ta aluminiyamu zimatsalira m'makona.

Edelbrock kapena Weiand yakale yogula kwa munthu nthawi zambiri imaposa yatsopano yopanda dzina, bola muiyang'ane malo anayi. Pozungulira mabowo a madzi ndi pokhala thermostat pasakhale zibowo zodyeka. Izi zimachitika injini ikamayendera madzi a pa mjigo opanda coolant. Mazinga a mabauti a kabuleta ndi a thermostat akhale athunthu. Pa mabowo olowa mapulagi a madzi pasakhale mng'alu. Pomaliza funsani ngati inapalidwapo, chifukwa manifold yopalidwira injini ya munthu wina imakhala pansi kwambiri pa yanu. Ikani chitsulo choongoka pa nkhope zonse ziwiri muone ngati kuwala kukudutsa.

Zoitanitsa m'bokosi limodzi

Injini zimenezi mazinga ake ndi a mainchi. Mabauti a manifold ya Chevrolet, kupatula pa mahedi a Vortec, ndi 3/8-16 UNC, ndipo bauti ya M10 ya m'sitolo imalowa mizere iwiri kenako n'kuononga hedi. Mabowo a madzi ndi a vacuum ndi a NPT, omwe si ofanana ndi a mapayipi a m'nyumba omwe amagulitsidwa m'mahadiweya. Choncho m'bokosi lomwelo mukhale gasiketi, Edelbrock 7201 kapena Fel-Pro 1205 pa Chevrolet yakale, Fel-Pro 1250 pa Windsor. Mabauti a manifold ndi mawashala ake. Masitadi a kabuleta. Mapulagi a NPT otsekera mabowo osagwiritsidwa ntchito. Gasiketi ya distributor. Thermostat ya madigiri 82. Ndi bulaketi ya waya wa akiseleta. Galimoto zolumikizidwa ku South Africa chiwongolero chili kumanja pomwe kabuleta zonsezi zimakokedwa kumanzere, ndiye onani njira ya wayayo pasadakhale. Pa TH350 pali waya wa kickdown ndi payipi ya vacuum ya modulator. Pa giyabokosi ya 700R4 waya wa TV (throttle valve) ukamangidwa molakwika giyabokosi imapsa m'makilomita ochepa, kotero bulaketi yake si yongopeka pa ofisina.

Kabuleta isakule. Kuti mupeze cfm, muyeso wa mpweya womwe kabuleta imadutsitsa, chulukitsani kukula kwa injini mu ma cubic inch ndi marevu apamwamba, mugawe ndi 3,456. Pa 350 yofika 5,500 yankho ndi 557, ndipo popeza injini ya pa msewu imadzaza masilinda pafupifupi 85 peresenti, ikufuna 470 yokha. Kabuleta ya 600 cfm, monga Edelbrock 1406 ya choki ya magetsi, ndi yokwanira ndi kutsala. Ya 750 pa injini imeneyi imafooketsa kukoka komwe Performer inagulidwira. Pampu ya petulo isapitirire 6 psi pa kabuleta za Edelbrock, ndipo fyuluta ya petulo ikhalepo, makamaka ngati nthawi zina mumathira wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu.

Boneti iyeseni ndi dongo. Umbani timipira tinayi, muike pamwamba pa chivundikiro cha fyuluta ya mpweya, tsekani boneti pang'onopang'ono, tsegulani muyeze. Pakufunika mpata wosachepera mamilimita 12, chifukwa injini imagwedezeka ikamakoka. Werengerani kutalika kwa manifold, chochinga kutentha ndi fyuluta zonse pamodzi. Ambiri ogula RPM amathera pa kafyuluta kopyapyala kuti boneti itsekeke, ndipo pa fumbi la ku Moatize ndi misewu ya dothi ya ku Macanga, kafyuluta kotere kamatsekeka msanga. Fyuluta ya pepala ya mainchi 14 kutambalala ndi 3 kutalika pa Performer ndi yanzeru kuposa ya mainchi 2 pa RPM.

Kumanga kwake

Chotsani waya wa batire, khuthulani madzi, ndipo masulaninso timapulagi ta m'mbali mwa buloko kuti madzi otsala asathire m'chigwa cha injini. Pa Chevrolet distributor ili kumbuyo ndipo imadutsa mu manifold, ndiye iyenera kutuluka. Zungulitsani injini mpaka silinda 1 ifike pamwamba pa compression, lembani chizindikiro pomwe rotor yaloza, ndipo poizula onani kuti rotor ikutembenuka pang'ono chifukwa mano a giya yake ndi opendekeka. Lembaninso pomwe yathera. Kuyambira pamenepo injini isazungulitsidwe. Tsekani mabowo a mahedi ndi nsanza, yalani nsalu m'chigwa, palani gasiketi yakale, mupukute ndi thinner mpaka nsalu ituluke yoyera.

Kenako kuyesa youma, gawo lomwe ambiri amalumpha. Khazikani manifold popanda gasiketi, mulowetse feeler gauge m'makona onse anayi, pamwamba ndi pansi pa nkhope. Mpata ukhale wofanana. Ukakhala waukulu pansi, gasiketi siidzagwira mbali ya m'chigwa, ndipo injini idzayamwa oyilo m'malo omwe diso silingaone. Yalani magasiketi, khazikaninso, musuzumire m'mabowo a mabauti: mazinga a hedi aoneke pakati. Akaoneka m'munsi mwa bowo, ndiye kuti mahedi kapena buloko zinapalidwapo ndipo manifold yakhala pamwamba. Imeneyo ipite kwa wopala zitsulo, osati kukakamiza ndi mabauti. Kutsogolo ndi kumbuyo, pakati pa manifold ndi khoma la buloko, patsale mpata wa mamilimita awiri kapena atatu.

Timalamba ta labala kapena ta koko ta kutsogolo ndi kumbuyo tayani. Edelbrock yomwe imalangiza zimenezi, chifukwa timaterereka n'kutuluka. M'malo mwake ikani mzere wa silikoni yopirira oyilo, wonenepa mamilimita 6, wokwera pang'ono pa nsonga za magasiketi m'makona onse anayi. Pozungulira mabowo a madzi pakani silikoni yopyapyala. Pozungulira mabowo a mpweya musapake, petulo amaisungunula. Tsitsani manifold choongoka, anthu awiri, osaikhwekhwereza. Mabauti apakati pa Chevrolet amatulukira m'chigwa cha oyilo, ndiye apakeni thread sealant, apo ayi oyilo amakwera m'mazinga n'kudikha pamwamba pa manifold. Akatalika kwambiri amakhudza ma pushrod. Yambitsani onse ndi dzanja, kenako mangani kuyambira pakati kupita kunja mopingasa, katatu: 14 Nm, 24 Nm, pomaliza 34 Nm, yomwe ndi 25 ft-lb. Pa mahedi a Vortec ndi 15 Nm yokha, 11 ft-lb. Kupitirira apo mukuphwanya gasiketi. Pa Ford tsatani pepala la m'bokosi ndipo musaonjezere, chifukwa makona a manifold ya Windsor sachedwa kuthyoka.

Pobwezera distributor, ikaima mamilimita 6 pamwamba osafika pansi, ndiye kuti siinalumikizane ndi shafuti ya pampu ya oyilo. Izuleni, mutembenuze shafutiyo pang'ono ndi sikuludiraiva yaitali, muyesenso. Kuikokera pansi ndi bauti kumathyola pampu. Mapulagi a NPT amanka nanenepa, ndiye kumanga mopitirira kumang'amba aluminiyamu. Pa sensa ya kutentha musakulunge tepi yambiri, chifukwa imadalira mazinga ake kuti igwire earth, ndipo geji imanama. Siyani silikoni igone usiku wonse, thirani coolant yosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, sinthani oyilo, lizani, ikani tayimingi ndi nyali. Injini ikatentha n'kuziziranso, bwerezani kumanga mabauti.

Ikalira, geji ya vacuum ikuuzani zambiri. Pa kamu ya ku fakitale, ku Tete singano iime nji pakati pa mainchi 17 ndi 21. Mamita 300 aliwonse okwera amachotsa inchi imodzi, kotero ku Ulongué 14 kapena 16 si matenda. Singano yotsika ndi idle yokwera yosamvera masikuluwu ndi chizindikiro cha mpweya wolowera pambali. Fufuzani pansi pa kabuleta ndi m'mphepete mwa mahedi. Utsi wabuluu ndi mapulagi onyowa oyilo mbali imodzi, pomwe kale kunalibe, ndi gasiketi yosagwira pansi. Oyilo wodontha kumbuyo kwa injini kawirikawiri ndi mzere wa silikoni womwe unadukiza, ngakhale ambiri amathamangira kunamizira seal ya krankishafuti.

Chotsala ndi majeti. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse, ndipo palibe manifold yomwe ingabweze zimenezo. Pa Holley lamulo la amakaniko ndi kutsitsa jeti nambala imodzi pa mamita 600 aliwonse, ndiye pakati pa Tete ndi Ulongué pali manambala awiri. Pa Edelbrock mumasintha timitengo ta metering rod, ntchito ya mphindi zisanu kabuleta ili pomwepo. Galimoto yomwe siichoka ku Angónia ichepetseni petulo molingana ndi kumeneko. Yomwe imakwera ndi kutsika ikonzereni za ku Tete: kumtunda idzangodya petulo wochulukirapo ndi kudetsa mapulagi pang'ono, pomwe yokonzedwera kumtunda ikatsikira m'chigwa masana a mu Novembala imasowa petulo, imagogoda pokoka, ndipo ingaboole pisitoni. Mukatha makilomita 100 oyamba, masulani mapulagi onse asanu ndi atatu, muwayale motsatira masilinda ake, muone ngati mtundu wawo ukufanana.